Mankhwala osanzitsa: mwambo wakale wotsuka thupi ndi malire ake

Pa njira zonse zochizira zimene anthu a m'midzi yozungulira Mpingu, kumadzulo kwa boma la Lilongwe, amazidalira thupi likavuta, palibe imene imakhutiritsa wodwala ndi omudwazika mofulumira ngati kusanzitsa, chifukwa chotuluka m'mimbacho chimaoneka ndi maso, ndipo aliyense amene ali pafupi amatha kuchiloza n'kunena kuti nthenda ija ndi imeneyi. Kusanza kumene kukunenedwa pano si kuja kobwera kokha chifukwa cha malungo, pathupi kapena chakudya chosasa ayi, koma kochita kuputa dala pomwetsa munthu madzi a makungwa, mizu kapena masamba, mwinanso madzi ofunda othira mchere, n'cholinga choti choipa chimene chikuganiziridwa kuti chamanga nyumba m'thupi chitulukire kukamwa. Mchitidwewu si wa Achewa okha, pakuti asing'anga a ku India anaulemba m'mabuku zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, Azulu ndi Axhosa a ku South Africa amauchita mpaka lero, ndipo madokotala a ku Ulaya ndi ku America anausiya dzulodzuloli, atakhala akuulimbikitsa kwa mibadwo yambiri.

Mpingu ndi malo a malonda amene ali mumsewu wochokera mumzinda wa Lilongwe kupita ku Mchinji, munthu akapitirira malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze koma asanafike pa Msundwe ndi pa Namitete. Anthu ake ambiri ndi alimi a chimanga, fodya, mtedza ndi soya, ndipo sangatchedwe anthu otalikirana ndi chipatala, popeza kumadzulo kuli chipatala cha St Gabriel's cha ku Namitete, chimene masisitere a Chikatolika ochokera ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959, pamene kum'mawa kuli chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Izi zikusonyeza kuti amene amamwa mankhwala osanzitsa sachita zimenezi chifukwa chosowa kolowera basi, koma chifukwa chokhulupirira kuti pali matenda ena amene jakisoni ndi mapiritsi sangawafike, moti si zachilendo kuona banja limodzi likupita kuchipatala m'mawa n'kukagogoda kwa sing'anga madzulo a tsiku lomwelo.

Nthenda yaikulu imene imapititsa anthu kokasanzitsidwa ndi kudyetsedwa, kutanthauza chikhulupiriro chakuti munthu wanjiru waika chinthu choipa m'chakudya kapena m'mowa wa mnzake, kapenanso wamudyetsa kutulo, ndipo chinthucho chakhala m'mimba kapena pachifuwa n'kumamudya pang'onopang'ono mpaka kuwonda, kutsokomola ndi kutupa mimba. Pafupi ndi chikhulupiriro chimenechi pali nkhani ya kondaine, mankhwala amene amati mkazi kapena mwamuna amadyetsa mnzake kuti asamaone wina, ndipo abale akaona kuti mwana wawo wasiya kuwayendera kapena kuwathandiza, mawu oti akamusanzitse sachedwa kumveka. Zifukwa zina n'zosakhudzana ndi ufiti m'pang'ono pomwe. Munthu amene mkamwa mukuwawa, mutu ukulemera ndipo chakudya sichikumukomera amati ndulu yamuchulukira, pamene wa mphumu kapena chifuwa chosatha amati makhololo amutseka, ndipo onsewa amaona kuti njira yachidule n'kutulutsa zimene zachulukazo.

Kachitidwe kake kamasiyana malinga ndi sing'anga, koma zambiri zimafanana. Wodwala amafika m'mamawa asanalawe kanthu, amamukhazika kuseri kwa nyumba patsogolo pa beseni kapena kadzenje kokumba kumene, kenako amamupatsa chikho cha mankhwala owawa motsatana ndi madzi ofunda ochuluka mpaka mimba itati ndi. Nseru ikachedwa, chala kapena nthenga ya nkhuku imalowa kummero, wina atamugwira pamphumi kuti asagwe chafufumimba. Akatha, sing'anga amatenga kamtengo n'kumavundula masanziwo pofuna chimene chatuluka, kaya ndi kachidutswa kakuda, tsitsi, ulusi kapena thovu lonanda, ndipo chopezekacho chimakwiriridwa kapena kutenthedwa wodwala asanapatsidwe phala lamadzimadzi. Mphindi imeneyi, pamene banja lonse lawerama kuyang'ana m'beseni, ndiyo imanyamula mphamvu yonse ya mwambowu, chifukwa nthenda imene inalibe dzina kwa miyezi yambiri tsopano yasanduka chinthu chogwirika.

Kuti kusanza kukhale ndi ulemu wotere pakati pa Achewa si zinthu zongochitika mwangozi, pakuti m'mbiri ya mtunduwu kusanza kunali umboni wa kubwalo la milandu. Munthu akamuganizira ufiti, chigololo kapena kuba, ndipo mlandu wakanika kutha ndi pakamwa, ankamumwetsa mwabvi, madzi a makungwa osinja a mtengo waukulu womera m'mbali mwa mitsinje umene akatswiri a zomera amautchula Erythrophleum suaveolens, ndipo dzina lake likupezekanso pa malo osungirako nyama zakutchire a Mwabvi ku Nsanje. Katswiri wosinja ndi kumwetsa mankhwalawa ankatchedwa mapondera. Womwayo akasanza, anthu ankaimba nthungululu chifukwa ankati wayera ndipo omunenerawo ankayenera kumulipira, koma mwabvi ukamukhala m'mimba n'kufa, ankati mlandu wamutsata ndipo mtembo wake sunkaikidwa mwaulemu. Nthawi zina, pa milandu yaing'ono, ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia nalemba buku lotchedwa Sorcery in its Social Setting mu 1965, anafotokoza momwe milandu yotere inkabukira makamaka pakati pa abale a mbumba imodzi, kumene mikangano ya ufumu ndi chuma sinkatheka kuithetsa mwanjira ina.

Chimene sayansi inapeza m'makungwa a mwabvi chimachotsa chinsinsi chonse pa chiweruzocho. Makungwawo ali ndi ululu umene umasokoneza kagundidwe ka mtima, komanso ali ndi zinthu zonyanyula m'mimba zimene zimayambitsa kusanza, kotero kuti moyo wa womwayo unkadalira chimene chayamba kugwira ntchito pakati pa ziwirizi. Wosanza msanga ankatulutsa ululu wambiri usanalowe m'magazi, pamene wochedwa kusanza mtima wake unkaima, ndipo zimenezi zinkatengera kuchuluka kwa makungwa, kasinjidwe kake, madzi amene athirako ndi mphamvu za thupi la munthuyo, osati kulakwa kapena kusalakwa kwake. N'zosavuta kuona kuti mapondera wodziwa ntchito yake, kapena wolandira kangachepe kumbali, anali ndi mpata waukulu wosankha amene akhale ndi moyo. Boma la atsamunda linaletsa mwabvi kudzera m'lamulo la za ufiti la mu 1911, limene likugwirabe ntchito, koma ganizo lakuti woyera mtima amasanza ndipo choipa chimachapika ndi chakumwa silinafe ndi lamulolo. Linaonekanso m'gulu la mchape limene linafalikira kuchokera cha ku Mulanje mpaka ku Zambia m'zaka za m'ma 1930, ndiponso mu 1995 pamene khwimbi la anthu linakhamukira kwa Billy Goodson Chisupe ku Machinga kukamwa mankhwala amene ankati amachiza Edzi, ngakhale kuti zakumwa ziwirizi cholinga chake sichinali kusanzitsa.

Ku India, ganizo lomweli lotulutsa choipa linayenda njira ina, chifukwa linalowa m'mabuku ndi m'sukulu. Chiphunzitso cha zaumoyo chakumeneko, chotchedwa Ayurveda, chimati thupi limayendetsedwa ndi mphamvu zitatu, zomwe ndi vata, yokhudzana ndi mpweya ndi kuyenda kwa zinthu m'thupi, pitta, yokhudzana ndi kutentha, ndulu ndi kugaya chakudya, ndi kapha, yokhudzana ndi chinyezi, mafuta ndi makhololo, ndipo munthu amadwala imodzi mwa zitatuzi ikachuluka kapena ikachoka pamalo pake. Pofuna kubwezera thupi m'chimake, asing'anga a Ayurveda ali ndi njira zisanu zotsukira zimene pamodzi amazitcha panchakarma, ndipo mwa izo muli kutsegula m'mimba mwadala, kupopera mankhwala kumatako ndi kudonthezera mankhwala m'mphuno. Yoyamba pa mndandanda ndi vamana, kumene kuli kusanzitsa, ndipo imaperekedwa kwa amene kapha yawachulukira, monga odwala mphumu, chimfine chosatherapo ndi matenda ena a pakhungu. Buku lakale la Charaka Samhita, limene pamodzi ndi la Sushruta Samhita ndilo maziko a chiphunzitsochi, lili ndi njira 355 zokonzera mankhwala osanzitsa, ndipo 133 mwa izo zimachokera ku chipatso cha mtengo umodzi waminga wotchedwa madanaphala, umene abale ake a mtundu wa Catunaregam amameranso m'tchire la kuno kwathu.

Chochititsa chidwi m'mabukuwa si kuchuluka kwa mankhwala koma kutalika kwa kukonzekera. Munthu sangofika n'kusanzitsidwa tsiku lomwelo. Kwa masiku atatu mpaka asanu ndi awiri amamwa ghee, amene ndi mafuta oyengedwa kuchokera ku mkaka wa ng'ombe, mlingo wake ukukwera tsiku ndi tsiku, kenako amamudzoza mafuta thupi lonse ndi kumufukiza nthunzi kuti atuluke thukuta, poganiza kuti zimenezi zimafewetsa zoipa zomatirira m'ziwalo n'kuzitsetserezera m'mimba. Madzulo a tsiku lomaliza amadya zakudya zochulukitsa makhololo monga mkaka, chambiko ndi chitowe. M'mawa mwake amakhala pampando wofika m'mawondo, amamwa mkaka kapena madzi a nzimbe mpaka kukhuta, ndipo pokhapo m'pamene amalandira madanaphala wosakaniza ndi uchi ndi mchere wa m'miyala, wothandizira ataimirira pambali kumugwira pamphumi ndi kumusisita kumsana, monga momwe amachitiranso kuseri kwa nyumba ya sing'anga wa kuno kwathu.

Kusiyana kwenikweni kumayambira apa. Sing'anga wa Ayurveda amawerenga maulendo amene wodwala wasanza, ndipo mabuku amati maulendo anayi ndi kutsuka kochepa, asanu ndi limodzi ndi kwapakatikati, pamene asanu ndi atatu ndi kokwanira. Amayeza kuchuluka kwa zotulukazo poyerekeza ndi zimene zinamwedwa, amayang'ana dongosolo la katulukidwe kake, ndipo ndulu ikangoonekera amadziwa kuti ntchito yatha, sayenera kupitiriza. Wodwala saloledwa kubwerera ku chakudya cholimba nthawi yomweyo, koma amayamba ndi madzi a phala la mpunga, kenako phala lolimbirapo, kenako msuzi wa nyemba ndi wa nyama, kwa masiku atatu mpaka asanu ndi awiri malinga ndi kukula kwa kutsukako. Kwa munthu wosadwala amene akungofuna kudziteteza, nyengo yovomerezeka ndi ya vasanta, cha m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, pamene chisanu chatha ndipo kunja kwayamba kufunda. Koposa zonsezi, mabukuwa amatchula mosabisa anthu amene sayenera kusanzitsidwa, omwe ndi ana aang'ono, nkhalamba, amayi oyembekezera, anthu owonda ndi ofooka, odwala mtima ndi amene akutuluka magazi kukamwa kapena m'mphuno, ndipo amafotokozanso zizindikiro za kusanza kopitirira muyezo pamodzi ndi chithandizo chake.

Kulembedwa m'buku lakale sikusandutsa chiphunzitso kukhala choona, ndipo pamenepa wowerenga asatengeke. Vata, pitta ndi kapha si zinthu zimene munthu angaziyeze m'magazi, kusanza sikutulutsa makhololo amene ali m'mapapo, ndipo kafukufuku amene wachitika pa vamana ndi wa anthu ochepa, kawirikawiri wopanda gulu lina loyerekezera nalo, moti sakwanira kutsimikizira kuti njirayi imachiza mphumu kapena matenda a pakhungu. Boma la India linakhazikitsa unduna wapadera wa AYUSH mu 2014 kuti uziyang'anira Ayurveda ndi njira zina zamakolo, ndipo mu 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linagwirizana ndi dzikolo kutsegula likulu la mankhwala amakolo ku Jamnagar, m'chigawo cha Gujarat, koma ntchito ya likululo ndi kufufuza umboni, osati kuvomereza chilichonse chimene makolo ankachita. Chimene Ayurveda ili nacho choti Amalawi angachisirire ndi chochepa koma chofunika, ndicho kuvomereza kuti kusanzitsa ndi ntchito yoopsa imene imafuna mlingo, woyang'anira, malo olekezera ndi mndandanda wa anthu oti asakhudzidwe.

Amalawi ambiri anakumana ndi mwambo wosanzitsa wamtundu wina ku South Africa, kuyambira nthawi imene amuna ankapita ku migodi kudzera ku Wenela ndi Theba mpaka lero pamene achinyamata akukwera mabasi a ku Johannesburg kukafuna maganyu. Kumeneko Azulu amautcha ukuphalaza ndipo Axhosa amati ukugabha, ndipo munthu amamwa malita angapo a madzi a zitsamba m'mamawa n'kusanza pofuna kuchotsa ndulu, tsoka kapena chodyetsedwa, nthawi zina pongofuna mwayi wa ntchito kapena wa chibwenzi. Mipingo ya Ziyoni inalowetsa mchitidwewu m'mapemphero, pogwiritsa ntchito madzi odalitsidwa, mchere, phulusa kapena tiyi m'malo mwa mizu, ndipo mipingo yotereyi inafika m'midzi ya m'Malawi muno pamodzi ndi obwerera kumudziwo.

Achipatala cha masiku ano amaona kusanza mwa njira ina. Kusanza ndi chitetezo chimene ubongo umalamula ukazindikira chinthu chonyanyula m'mimba kapena ululu m'magazi, ndipo chimene chimatuluka ndi zokhazo zimene zili m'chifu ndi kumayambiriro kwa matumbo pa nthawiyo, osati zimene zili m'magazi, m'chiwindi, m'mapapo kapena m'mafupa. Madzi achikasu kapena obiriwira amene amabwera kumapeto, amene anthu amawaona ngati umboni wakuti ndulu inachulukadi, amatuluka mwa munthu aliyense amene wasanza mpaka chifu kutha, chifukwa chiwindi chimapanga ndulu tsiku lililonse kuti izithandiza kugaya mafuta. Pamodzi ndi masanziwo thupi limataya madzi, asidi wa m'chifu ndi michere monga potaziyamu, imene mtima umaidalira kuti uzigunda bwino, ndipo munthu wofooka kale akataya zimenezi mobwerezabwereza impso zake zikhoza kuleka kugwira ntchito. Za tsitsi, ulusi ndi tizidutswa topezeka m'beseni, zina ndi zotsalira za chakudya ndi za makungwa omwe anamwedwawo, zina ndi magazi oundana, ndipo si mwano kunena kuti zina zimagwa kuchokera m'dzanja la wovundulayo.

Ngozi ya kusanza mwamphamvu inadziwika kalekale ku Ulaya komwe. Mu 1724 dokotala Herman Boerhaave wa ku Leiden, m'dziko la Netherlands, analemba za mkulu wa asilikali a pamadzi, Jan van Wassenaer, amene anadya mopitirira muyezo n'kumwa mankhwala osanzitsa monga ankachitira nthawi zonse, koma ulendo umenewo anamva ululu woopsa pachifuwa namwalira pasanathe tsiku limodzi, ndipo atang'amba mtembo anapeza kuti njira ya chakudya yochokera kummero kupita m'chifu inali itabooka. Mu 1929 madokotala Kenneth Mallory ndi Soma Weiss a ku Boston anafotokoza kung'ambika kocheperako kwa malo amene njirayi imakumana ndi chifu, kumene kumachititsa munthu kusanza magazi atakakamiza kusanza kwa nthawi yaitali. Ngakhale zinali choncho, mabanja a ku America anapitiriza kusunga botolo la ipecac, mankhwala osanzitsa ochokera ku muzu wa chomera cha ku Brazil, chifukwa madokotala a ana ankawalangiza kutero kuopa kuti mwana angamwe poizoni. Zinasintha mu 1997 pamene mabungwe a akatswiri a za poizoni a ku America ndi ku Ulaya analengeza kuti palibe umboni woti ipecac amapulumutsa moyo, popeza amatulutsa gawo losadziwika la poizoniyo ndipo amachedwetsa chithandizo chenicheni, ndipo mu 2003 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linauza makolo kuti asiye kumusunga m'nyumba.

Nkhani imeneyi ikukhudza Mpingu kuposa momwe ikukhudzira Boston, chifukwa nyumba ya mlimi wa fodya ndi chimanga ndi nkhokwe ya poizoni. Muli mankhwala opopera ku nazale ndi kudimba, muli othira m'chimanga kuopa anankafumbwe, muli tameki wogulidwa pamsika m'timapepala topanda dzina kuti aphe makoswe, komanso muli palafini amene kawirikawiri amasungidwa m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, pamalo amene mwana woyamba kuyenda amafikapo. Ngozi ikachitika, kaya mwana wamwa mosadziwa kapena wamkulu wamwa dala chifukwa cha mavuto amene amukulira, achinansi amathamanga ndi zimene anaphunzira kwa makolo, wina mkaka, wina mazira aawisi, wina mafuta ophikira, wina madzi a mchere, onse n'cholinga chimodzi choti wodwalayo asanze. Chifundo chawo n'chosakayikitsa, koma pa poizoni wa masiku anoyu nzeru imeneyi imapha.

Palafini akakhala m'chifu savulaza kwambiri, koma kadontho kake kakalowa m'mapapo kamayambitsa chibayo choopsa, ndipo nthawi imene kamalowa mosavuta ndi pamene mwana akusanza uku akulira. Tameki, amene dzina lake lenileni ndi aldicarb, pamodzi ndi mankhwala ambiri opopera mbewu, amalowa m'magazi mofulumira n'kuyambitsa dovu lochuluka, thukuta, kuchepa kwa kamwana ka diso, kubanika ndi kukomoka, ndipo munthu amene wayamba kukomoka sangathe kutseka njira ya mpweya, moti chilichonse chimene amuthira mkamwa kapena chimene wasanza chimapita m'mapapo. Mankhwala amene amalimbana ndi poizoni wotereyu ndi jakisoni wa atropine, amene amapezeka kuchipatala, ndipo mphindi iliyonse yotayidwa pofunafuna mazira ndi mphindi yochotsedwa pa ulendo wa ku Namitete kapena ku Kamuzu Central. Asidi wa m'batire ya galimoto ndi soda wopangira sopo amawotcha kummero potsika, ndipo akasanzidwa amawotchanso kachiwiri pokwera. Madzi a mchere wambiri nawo ndi poizoni paokha, makamaka kwa mwana, chifukwa akapanda kusanzidwa mcherewo umalowa m'magazi n'kuumitsa ubongo. Makala a pamoto amene ena amasinja n'kumwetsa wodwala si ofanana ndi makala okonzedwa mwapadera amene achipatala amagwiritsa ntchito poyamwa poizoni.

Pali ngozi inanso yosaonekera msanga, imene ndi kuchedwa. Zizindikiro zimene anthu amazitcha kudyetsedwa, monga kuwonda, kutsokomola kwa milungu yambiri, kutuluka thukuta usiku, kutupa mimba ndi kukanika kumeza, ndi zomwezonso zimene zimasonyeza chifuwa chachikulu, kachilombo ka HIV kosalandira mankhwala, matenda a chiwindi, zilonda za m'mimba kapena khansa ya kummero, imene ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri m'Malawi. Munthu wa chiwindi chowonongeka amakhala ndi mitsempha yotupa kummero imene ikhoza kuphulika akakakamiza kusanza, ndipo wa zilonda za m'mimba akhoza kutaya magazi ambiri. Tizilombo ta malungo timakhala m'chiwindi ndi m'magazi, kumene kusanza sikufika, ndipo amene wamwa LA kapena ma ARV n'kusanzitsidwa posakhalitsa amataya mankhwala omwe amayenera kumuchiza. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, boma la Lilongwe lili m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, unaonetsa poyera kuti kutaya madzi a m'thupi kokha kumatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa, ndipo chimene chinapulumutsa ambiri chinali kubwezera madziwo ndi thanzi ORS kapena diripi.

Kungakhale kulakwa kunena kuti asing'anga onse a kuno sadziwa malire. Brian Morris, amene analemba za mazanamazana a zomera zochizira m'buku lake la Chewa Medical Botany la mu 1996, anasonyeza kukula kwa nzeru za azitsamba a m'Malawi, ndipo sing'anga wachikulire amene anaphunzira kwa atsibweni ake kapena agogo ake kwa zaka zambiri amadziwa kuti mayi wapakati ndi khanda sapatsidwa mankhwala amphamvu. Vuto n'lakuti nzeru imeneyi imakhala m'mutu mwa munthu mmodzi, mlingo wake ndi dzanja, chikho kapena kutalika kwa chala, ndipo mphamvu ya khungwa imasintha malinga ndi msinkhu wa mtengo, nyengo imene lasendedwa ndi dothi limene mtengowo wamera, kaya ndi m'nkhalango ya Dzalanyama kapena m'mbali mwa dambo. Choopsa koposa n'chakuti mankhwalawa ayamba kulekana ndi sing'anga yemwe. Masiku a msika, komanso m'madepoti a mumzinda, amagulitsidwa m'mabotolo opanda chizindikiro ndi anyamata okuwa pa chimkuzamawu kuti amatsuka m'mimba, m'magazi ndi m'chikhodzodzo nthawi imodzi, ndipo wogula amakamwera kunyumba yekha popanda womufunsa ngati ali ndi pathupi, ngati amadwala mtima kapena ngati akumwa mankhwala ena a kuchipatala.

Lamulo lilipo loti likhoza kuthandiza. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019, lili ndi mphamvu yoyang'anira mankhwala azitsamba ogulitsidwa ndi kutsatsa kwake, ndipo asing'anga ali ndi mabungwe awo amene amakumana ndi unduna wa zaumoyo, makamaka pa 31 Ogasiti, tsiku lokumbukira mankhwala amakolo mu Africa. Koma lamulo lokhala m'maofesi a ku Lilongwe silifika lokha pamsika wa Nsaru kapena wa Nambuma, ndipo n'zokayikitsa ngati kuletsa kungathetse mwambo umene lamulo la mu 1911 linalephera kuuzula m'maganizo a anthu. Chotheka msanga n'chakuti mabungwe a asing'anga, mafumu ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi agwirizane pa mndandanda waufupi wa anthu osayenera kusanzitsidwa, wonga umene Charaka Samhita inalemba kalekale, ndi kuwonjezerapo zimene alembi akalewo sakanazidziwa, zomwe ndi tameki, palafini, asidi wa batire ndi odwala amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku.

Kwa banja limene ngozi ya poizoni yaligwera usiku, malangizo a achipatala ndi achidule. Wodwala asapatsidwe mkaka, mazira, mafuta kapena mchere, ndipo asalowetsedwe chala kummero. Ngati mankhwala amuthirikira pathupi, avulidwe zovalazo n'kusambitsidwa ndi sopo, ngati wakomoka agonekedwe chammbali kuti dovu ndi masanzi zizitulukira kunja, ndipo atengeredwe kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo pa njinga, pa njinga yamoto kapena pa galimoto iliyonse imene yapezeka. Omuperekeza asaiwale kunyamula botolo kapena kapepala kamene munali mankhwalawo, chifukwa dokotala akadziwa chimene chamwedwa amadziwanso jakisoni woyenera kubaya.